Kutseka damu miyezi itatu: nsomba zingabwerere? Funso lochokera kwa Santhe

Wakwasanthe
Akuluakulu, ndabwera ndi nkhani ya nsomba. Kuno kwa Santhe komiti ya m'mudzi ikufuna kutseka damu limodzi ndi kachigawo ka mtsinje komwe anthu amatchera miono, kuyambira Disembala mpaka Febuluwale. Makumba amene akuvuulidwa masiku ano ndi a zala zitatu, ndipo milamba ikuluikulu ija inasowa. Amene anabweretsa ganizoli akuti ku Madagascar amatseka miyezi itatu n'kudzakolola zochuluka potsegula. Ena akukana, akuti imeneyo ndi nyanja ya mchere pomwe ife tili pa dambo. Inu odziwa za kafukufuku wa nsomba, titseke kapena ayi? Nanga tikatseka tidzadziwa bwanji kuti zathandiza? Mafumu akufuna yankho msonkhano usanachitike.

Gologolo
Disembala mpaka Febuluwale? Miyezi ya njala yeniyeniyo? Anthu adzadyera chiyani nsima?

Nabanda_Chinkhoma
A Gologolo, dzinja ndiwo sizisowa. Bowa, nkhwani, chisoso, ngumbi, zonse zimakhala mbwee. Chimasowa ndi ufa. Amene adzalire ndi uja amagulitsa timilu ta matemba kuti agule chigoba cha chimanga. Komiti iyambe yawerenga anthu otere kuti alipo angati.

Matchera95
Nkhani ya ku Madagascar ndi yoona, koma anakuuzani theka. Sankatsekera nsomba ayi. Ankatsekera octopus, chamoyo cha m'nyanja cha miyendo isanu ndi itatu chija anzathu a ku Tanzania amati pweza. Anayamba ndi asodzi a mtundu wa Vezo pa mudzi wa Andavadoaka, mu Novembala 2004, mothandizana ndi bungwe la Blue Ventures, ndipo ulendo woyambawo anatseka miyezi isanu ndi iwiri. Pambuyo pake ndi pomwe anazolowera kutseka miyezi iwiri kapena itatu.

Zinthu zitatu zinachititsa kuti zitheke. Octopus amakhala moyo chaka chimodzi ndi miyezi yochepa, ndipo amakula mofulumira zedi, moti miyezi itatu kwa iye ndi nthawi yaitali. Sayendayenda, amakhala m'mphako za m'matanthwe, ndiye amene wamusiya mu Ogasiti udzamupeza pomwepo mu Novembala atanenepa. Komanso ogula amalipira pa kilo, ndipo wamkulu mtengo wake umakwera. Ofufuza ataunika kutseka kokwana 36 m'zaka zisanu ndi zitatu anapeza kuti mwezi wotsatira kutsegula zokolola zinkakwera kangapo poyerekeza ndi mwezi womaliza asanatseke. Zimenezi zinasindikizidwa mu 2015.

Zimene sanakuuzeni ndi izi. Satseka nyanja yonse, amatseka kachigawo chabe, kwinako anthu n'kumasodzabe. Ndipo tsiku loyamba kutsegula mu 2005 kunakhamukira anthu a midzi ina amene sanapirire nawo, eni ake n'kugawana zochepa. Anakonza potseka malo angapo nthawi imodzi ndi kutsegulanso tsiku limodzi, kuti khamu limwazike. Damu lanu ndi limodzi. Tsiku lotsegula kwa Santhe konse kudzakhala pomwepo ndi makoka.

Wakwasanthe
Ndiye mukuti tisatseke?

Matchera95
Sindinatero akulu. Ndikuti muyambe mwadziwa kuti mukutsekera nsomba iti, ndipo mukufuna ikule kapena iswane. Ndi zolinga ziwiri zosiyana, miyezi yake ndi yosiyananso.

MlangiziWakale
Bambo a kwa Santhe, musanafike n'komwe pa zotseka, fufuzani chifukwa chimene makumbawo achepera msinkhu. Pali matenda awiri amene amaoneka ofanana koma mankhwala ake ndi otsutsana.

Oyamba ndi kusodza mopyola muyeso: nsomba zikugwidwa zisanakule. Achiwiri ndi kuthithikana: makumba achuluka kwambiri m'madzi ochepa, chakudya sichikukwana, ndiye apinimbira. Makumba ali ndi khalidwe limeneli, akakhala pothina amayamba kuswana akadali aang'ono, ngakhale asanafike masentimita khumi. Zimachitika kawirikawiri m'madamu amene milamba ikuluikulu inatha, chifukwa ndiyo inkapatulira tiana. Mwanena nokha kuti milamba inasowa. Damu lotere mukalitseka m'dzinja, nthawi imene makumba akuswana kwambiri, mudzatsegula tinsomba tachuluka kuposa kale koma msinkhu ndi womwewo kapena kucheperapo.

Kusiyanitsa kwake n'kosavuta. Tengani makumba makumi asanu osasankha, muyeze lililonse kuchokera pamlomo mpaka kunsonga ya mchira, kenako mutumbule. Lalikazi lokhwima limakhala ndi timatumba tiwiri ta mazira achikasu, oti mukhoza kuwawerenga ndi maso. Losakhwima timatumbato timangokhala ngati ulusi woyera. Mukapeza ang'onoang'ono ambiri ali ndi mazira, mutu waukulu, maso otuluka, msana wowonda, dziwani kuti ndi kuthithikana. Mukapeza ang'onoang'ono ali onenepa bwino koma alibe mazira, ndiye kuti mukudya ana. Chitani zimenezi mvula itayamba ndi kutentha kulipo. Mu Juni ndi Julayi madzi akazizira makumba saswana, mungaganize kuti onse ndi ana.

Chilimira_KU
Kusodza kwambiri nakonso kumachititsa nsomba kuswa zikadali zazing'ono. Musapangitse anthu kuganiza kuti mazira okha atha nkhani.

MlangiziWakale
N'chifukwa chake ndatchula mutu ndi msana. Pamene asodza kwambiri nsomba zotsala zimadya mokhuta, zimakhala zonona. Pothithikana zimawonda. Muziona ziwirizo pamodzi.

KopeNdiSikelo
Ndiyankhe funso lachiwiri la a Wakwasanthe, lakuti mudzadziwa bwanji. Popanda kulemba simudzadziwa. Pa msonkhano wina adzati nsomba zachuluka, wina adzati zachepa, wopambana adzakhala wamawu akulu. Ku nyanja a Dipatimenti ya Nsomba amagwiritsa ntchito njira ziwiri: kalembera wa chaka ndi chaka wa asodzi, mabwato ndi zida, komanso kuyeza nsomba pa madoko osankhidwa masiku angapo mwezi uliwonse. Komiti ya m'mudzi ikhoza kuchita zomwezo mochepetsa.

Zofunika ndi sikelo yokoloweka ija amayezera soya, ya makilogalamu 25 kapena kucheperapo kuti izitha kuona theka la kilo. Thabwa losalala la masentimita 60, lokhomerapo kathabwa kopingasa kumapeto kumodzi pogunditsa mlomo wa nsomba, ndi tepi ya atelala yomatidwa kuyambira pa kathabwako. Kope lachikuto cholimba. Pensulo, chifukwa inki imafalikira ikanyowa.

Choyamba werengani zida zonse: miono ingati, matchera angati ndi kutalika kwake, mbedza, makoka, ndi eni ake. Kenako mwezi uliwonse sankhani masiku asanu ndi atatu mwa maere. Lembani madeti pa timapepala, muike m'chipewa, mwana atole. Musasankhe masiku a msika okha, chifukwa tsiku limenelo aliyense amalimbikira ndipo chiwerengero chimatupa. Pa tsiku losankhidwa wolemba afike asodzi asanavuule, alembe mtundu wa chida, kuchuluka kwake, kukula kwa maso a ukonde, maola amene chakhala m'madzi, ndi makilogalamu a mtundu uliwonse wa nsomba paokha. Amene wabwera chimanjamanja alembedwenso, ziro. Apa ndi pomwe ambiri amalakwitsa: amalemba okhawo abwera ndi nsomba, avereji n'kukwera mwabodza.

Masamu ake, mwachitsanzo chabe: mwayeza miono khumi, yatulutsa makilogalamu 6. Ndiye kuti mono umodzi 0.6 pa usiku. Tsiku limenelo m'madzi munali miono 80, ndiye makilogalamu 48. Ngati mwezi umenewo anthu anatchera masiku 25, miono yokha yapha pafupifupi makilogalamu 1,200. Chitani chimodzimodzi pa chida chilichonse, muphatikize. Nambala yofunika kuisunga kwambiri ndi 0.6 ija, osati 1,200, chifukwa 1,200 ikhoza kukwera kaamba kongoti anthu awonjezera miono pomwe nsomba zikutha.

Pa thabwa paja yezani nsomba 30 mpaka 50 za mtundu uliwonse, zotapidwa ndi mbale m'ndowa zisanasankhidwe. Mwini nsomba akakupatsirani yekha amapereka zooneka bwino.

Chenjezo lomaliza: yerekezani Okutobala ndi Okutobala mnzake, osati Okutobala ndi Malichi. Madzi akaphwa nsomba zimaunjikana m'maiwe, mono umadzaza ngakhale nsomba zili zochepa kuposa chaka chatha. Mu Malichi zimabalalika m'maudzu, mono umatuluka wopanda kanthu ngakhale zili zambiri.

Nabanda_Chinkhoma
Bambo a Kope, ndondomeko yanu yasiya theka la nsomba kunja. Mwawerenga miono ndi matchera, zida za abambo. Nanga amayi amene amakokola matemba ndi dengu kapena chitenje m'mbali mwa dambo masana? Nanga ana a mbedza akaweruka kusukulu? Nsomba zimenezo sizifika pa doko, zimalunjika mumphika. Ngakhale msodzi wa matchera amayamba wapatula zandiwo, ndipo amapatula zikuluzikulu, wolemba asanaone.

Si vuto la kuno kokha. Kafukufuku wamkulu amene bungwe la United Nations la zakudya ndi ulimi la FAO, Duke University ndi bungwe la WorldFish anatulutsa mu 2023 anapeza kuti asodzi ang'onoang'ono amapha pafupifupi matani 37 miliyoni pa chaka, magawo 40 pa 100 a nsomba zonse zogwidwa padziko, ndipo amayi okwana 45 miliyoni ali m'ntchitoyi, ambiri mwa iwo osalembedwa paliponse. Ku Madagascar komweko ambiri ogwira octopus pa matanthwe madzi akaphwera ndi amayi. Njira yake n'kusankha nyumba makumi awiri mwa maere, n'kumafunsa kawiri pa mwezi kuti dzulo munadya nsomba, zingati, anagwira ndani, ndi chida chanji. Wofunsa akhale mayi, ndipo asakhale yemwe amalanda zida.

KopeNdiSikelo
Mwanena zoona mayi, ndavomera. Ndionjezere pa mawu anu omalizawo: wolemba ndi wolondera asakhale munthu mmodzi. Asodzi akadziwa kuti kope limapita kwa amfumu kukazenga milandu, ayamba kuvuula usiku.

Gologolo
Zitenje mwazitchula, koma masikito simunawatchule. Tonse tikudziwa kuti ndi amene akukokola dambo lonse.

Kapenta_wa_Chipata
Masikito ndi oletsedwa, ndipo ogawidwa kuchipatala amakhala ndi mankhwala, malo ake ndi pa mphasa. Koma tisiyanitse kugwira nsomba zazing'ono ndi kugwira ana a nsomba. Matemba ndi aang'ono chibadwire. Mukalamula kuti chida chilichonse chikhale cha maso a zala zitatu, matemba onse adzafa ndi ukalamba osadyedwa. Pa nyanja ya Kariba ofufuza, pakati pawo Jeppe Kolding, anayerekeza mbali ya Zambia, komwe asodzi anali ambiri ndi maukonde a maso aang'ono, ndi mbali ya Zimbabwe komwe malamulo anali okhwima. Ku Zambia ankapha nsomba zochuluka kangapo, koma mitundu ya nsomba m'madzimo sinasiyane kwenikweni ndi ya tsidya linalo. Gulu lomwelo linaonetsa kuti m'nyanja zosaya ndi m'madambo chimene chimalamula kuchuluka kwa nsomba ndi madzi, kuposa chiwerengero cha asodzi. Chilwa inaphwa mu 1968 ndi 1995, nsomba n'kubwerera madzi atadzaza.

Matchera95
Za Chilwa sindikutsutsa. Koma musaiwale Malombe. Mu 1982 chambo chophedwa m'nyanja imeneyo chinapitirira matani 8,000. Pofika kumapeto kwa zaka za m'ma 1990 sichinkakwana ngakhale matani mazana ochepa. Madzi sanaphwe. Chinachitika n'chakuti makoka a kambuzi ndi nkacha a maso ang'onoang'ono anachuluka, ankakokola kasawala, ana a chambo aja, pamodzi ndi tinsomba ta kambuzi, n'kuzula zomera za pansi ndi kusalaza zisa. Chambo chimatenga zaka pafupifupi zitatu kuti chiyambe kuswa, mazira ake ndi ochepa, ndipo chimafungatira ana m'kamwa. Khoka likagwira mayi mmodzi wapha banja lonse. Nsomba yotere siipirira zimene matemba amapirira.

Kapenta_wa_Chipata
Ndiye tikugwirizana. Lamulo lizitsata nsomba, osati nsomba zonse lamulo limodzi.

Matchera95
Tikugwirizana theka. M'khoka la masikito mulibe mlonda wosankha kuti ili ndi temba, uyu ndi mwana wa kumba.

MlangiziWakale
Poti Malombe yatchulidwa, phunziro lake lalikulu kwa komiti ya kwa Santhe lili pa kayendetsedwe. Mu 1993 boma linayambitsa kumeneko ndondomeko yogwirira ntchito limodzi ndi asodzi, n'kukhazikitsa makomiti a pa doko, ma BVC aja. Akatswiri ankafuna maso a nkacha akhale mamilimita 38. Asodzi anakana, anati pamenepo kambuzi yense adzapulumuka, ndipo anakagwirizana pa 19. Makomiti ambiri anadzadza ndi anthu osasodza, mafumu ena n'kumawaona ngati olanda mphamvu zawo, ndipo ntchito inkayenda pakakhala ndalama za misonkhano. Chambo sichinabwerere.

Ku nyanja ya Chiuta zinayenda mwina. Cha m'ma 1995 asodzi eni ake ndi amene anadzuka n'kuthamangitsa a nkacha obwera, boma linangobwera pambuyo kudzavomereza. Ku Mbenji ku Salima ndiye n'zakale, kuyambira m'ma 1950, pansi pa ufumu umene lero ndi wa Senior Chief Makanjira. Chilumba chimatsekedwa kuyambira Disembala mpaka Epulo, aliyense amachokapo, ndipo potsegula pamakhala mwambo. Mowa, chamba ndi juga n'zoletsedwa, kusodza ndi nyali ayi, amayi saloledwa kukhalako. Utaka wa ku Mbenji mpaka lero ogula amaudziwa kukula kwake. Koma onani chimene chimathandiza: ndi chilumba, wakuba amaonekera patali, ndipo mfumu ndi imodzi.

Ofufuza atatu, Gutiérrez, Hilborn ndi Defeo, anaunika malo 130 m'maiko 44 momwe boma ndi asodzi amayendetsera limodzi, mu 2011. Chimene chinaposa zonse pobweretsa chipambano chinali kukhalapo kwa mtsogoleri wolemekezeka pakati pa asodziwo. Ndiye funso kwa inu bambo: damulo lili m'dera la mafumu angati, ndipo amamwerana madzi?

Wakwasanthe
Mafumu ndi atatu. Awiri amagwirizana.

Gologolo
Basi, wachitatuyo ndiye mwini nsomba zonse.

Nabanda_Chinkhoma
Za ku Mbenji zoletsa amayi zija musakopere. Pa dambo amayi ndiwo amakhalapo tsiku lonse, kuchapa ndi kuthirira dimba. Alonda abwino kuposa amenewo simudzawapeza.

UsipaWaPaMsika
Pepani ndikhoteko pang'ono. Inu odziwa, n'chifukwa chiyani mumsika wa Kasungu usipa ndi bonya zili ponseponse chonsecho mukuti nsomba zikutha? Ku Nkhotakota ndi ku Dwangwa matumba akubwera tsiku ndi tsiku.

Chilimira_KU
Chifukwa zimene zikutha si zimene zikuchuluka. Masiku ano usipa wokha umaposa theka la nsomba zonse zogwidwa m'Malawi. Umakhala moyo pafupifupi chaka chimodzi, umaswana kwambiri, ndipo kuchuluka kwake kumatsata mwera: mphepo ikavundula madzi apansi n'kukweza chonde, tizilombo timene usipa umadya timachuluka. Chaka china umasefukira, chaka china umasowa, popanda wolakwa. Asodzi nawo anasamukira ku makoka a chilimira ndi nyali chambo chitachepa. Ndiye matani onse pamodzi akhoza kukwera pomwe chambo, kampango ndi mpasa zikutsika. Pa usipa phindu lalikulu lili pa kuumitsa. Makilogalamu atatu kapena anayi auwisi amatsala kilo imodzi, ndipo dzinja wambiri umaola pa thandala usanaume. N'chifukwa chake ku Mangochi ndi ku Salima anayesa matenti a pulasitiki oumitsira ndi dzuwa.

UsipaWaPaMsika
Wa m'tenti uja ndi woyera bwino koma ogula kuno amafuna wotchipa.

DokotalaWaZiweto
Popeza tikukamba za mitsinje ya kuno monga Bua ndi Rusa, pali china chimene chingasokoneze kope la a KopeNdiSikelo. Mu Julayi 2020 ku Mchinji kunabuka matenda a zilonda a nsomba, EUS, ndipo anafalikira m'maboma oyandikana kuphatikizapo Kasungu, boma mpaka linaletsa kusodza ndi kugulitsa nsomba za m'mitsinjeyi. Amayamba ndi nkhungu ya m'madzi yotchedwa Aphanomyces invadans, ndipo amakula madzi akazizira. Nsomba imayamba ndi timadontho tofiira, kenako zilonda zonyeka zofika mumnofu, imayandama mofooka m'mbali. Milamba ndi matemba zimagwidwa kwambiri ndi matendawa. Muno mu Africa anaonekera koyamba ku Chobe ndi Zambezi cha m'ma 2006. Ndiye kusowa kwa milamba ikuluikulu mwina si miono yokha.

M'kope muonjezere danga lolemba nsomba zazilonda. Ukonde kapena mono wochokera ku mtsinje usalowe m'damu usanaume gwa padzuwa. Musatenge mbewu ya nsomba ku mtsinje kukathira m'damu. Zakufa zikwiriridwe kutali ndi madzi, osaponyeranso momwemo. Nkhunguyo siigwira munthu, koma nsomba ya zilonda zakuya imakhala ndi tizilombo tina, si yodya.

Wakwasanthe
Zikomo adokotala. Tibwerere ku mtsinje, chifukwa za damu ndamva kuti tiyambe tatumbula makumba. Nanga kachigawo ka mtsinje kaja?

MonoWaBua
Ku mtsinje yankho ndi losiyana, ndipo kumeneko kutseka kuli ndi mutu. Mvula yamphamvu yoyamba ikagwa, milamba imatuluka m'maiwe usiku n'kukwera m'maudzu osefukira kukaikira mazira, m'madzi ofika m'kakolo. Ndi pomwe anthu amaitema ndi zikwanje, ili ndi mimba zodzaza. Matemba nawo amakwera timitsinje nthawi yomweyo. Masabata ochepa amenewo ndiwo ofunika kuteteza, ndipo satsata kalendala, amatsata mvula. Lamulo linene kuti kuyambira tsiku limene dambo lasefukira koyamba, masabata asanu ndi limodzi palibe kutema milamba kapena kutseka timitsinje. Mukalemba kuti 1 Disembala, chaka chimene mvula yachedwa mudzatsegula nsomba zikungoyamba kumene kukwera.

Chachiwiri ndi mipanda yotchera miono. Mpanda usatseke mtsinje wonse, pakati pomwe madzi ali akuya pasiyidwe mpata, gawo limodzi mwa magawo atatu. Ntchila inali nsomba yochuluka kwambiri m'nyanja ya Malawi m'ma 1950, koma inkagwidwa pa mathiriro ndi m'mitsinje ikukwera kukaswa, lero achinyamata ambiri saidziwa n'komwe. Mpasa zimakwerabe Bua kukaikira mazira pa miyala ing'onoing'ono ya pansi pa madzi oyera, ndipo chimene chazisunga ndi nkhalango ya Nkhotakota imene mtsinjewu umadutsamo. Dothi lokokoloka m'minda ya kuno kumtunda likakwirira miyalayo mazira amafa. Choncho kulima mpaka m'mphepete mwa mtsinje kuno ndi nkhani ya nsombanso.

Chachitatu, chimene ine ndingaike patsogolo pa zonse: sankhani dziwe limodzi kapena awiri akuya, amene saphwa mu Okutobala, mulekeretu kusodzamo chaka chonse. Osati miyezi itatu, mpaka kalekale. M'chilimwe nsomba zonse za chigawo chimenecho zimathawira mmenemo, ndipo katupe kapena khoka limodzi limatha mbewu yonse tsiku limodzi.

Gologolo
Dziwe limodzi lingadyetse mudzi?

Matchera95
Silidyetsa, limasunga mbewu. Ndipo apa umboni wa mu mtsinje ulipo, kuti a kwa Santhe asanenenso kuti n'za m'nyanja ya mchere. Kumpoto kwa Thailand, pa mtsinje wa Ngao, midzi inapatula timagawo ta mtsinje tosasodzamo, tina tatifupi kwambiri. Ofufuza anayeza malo 23 otere, zotsatira n'kutuluka mu 2020: mkati munali mitundu yambiri, nsomba zochuluka ndi zikuluzikulu kuposa kunja, ndipo malo oyandikana ndi mudzi, pomwe maso a anthu amafika, ankachita bwino. Pa chilumba cha Apo ku Philippines anapatula kachigawo mu 1982, ndipo ofufuza Angel Alcala ndi Garry Russ anatsatira kwa zaka zambiri. Nsomba zinayamba kusefukira kunja kwa malire, koma patapita zaka, osati miyezi, ndipo makamaka pafupi ndi malirewo. Auzeni anthu zimenezi poyamba, asadzati munawanamiza.

Kutseka n'kumatsegula kuli ndi msampha wina umene anaupeza ku Fiji ndi ku Papua New Guinea. Nsomba zikakhala osasakidwa zimasiya mantha, ndiye potsegula zimagwidwa mosavuta. Anthu amaona ngati zachuluka, chonsecho zina zangopusa. Pa chilumba cha Kia ku Fiji anatsegula malo otsekedwa kwa masabata asanu pofuna ndalama, nsomba zikuluzikulu n'kutsika kwambiri. Ngati mudzatseke damu, lamulo la tsiku lotsegula ndi lofunika kuposa la tsiku lotseka: masiku angati, zida ziti, nyumba iliyonse zingati.

KopeNdiSikelo
Pa miono pali kanthu kena kotchipa. Ku gombe la Kenya anayesa kusiya mpata wopapatiza m'mbali mwa misampha yawo yoluka, wa masentimita awiri kapena atatu m'lifupi, woimirira. Tiana tinkatuluka, zikuluzikulu n'kutsala, ndipo ndalama za msodzi sizinatsike chifukwa zotsalazo ndi zamtengo. Pa mono wa makumba zingatheke: chotsani bango limodzi chakumchira kwa mono, mumange timitengo tiwiri tolimba m'mbali kuti mpata usakule. Kukula kwa mpata muyeze ndi nsomba yeniyeni. Kuchokera pa kutumbula kuja mudzapeza utali umene theka la zazikazi zili ndi mazira. Tengani kumba loposa utali umenewo ndi masentimita awiri, mpata ukhale woti ilo likanike koma locheperapo lidutse. Mono wa matemba musauboole, mudzavuula madzi okhaokha.

Maso a matchera muyeze chimodzimodzi, ndipo musayeze ndi zala poti zala zimasiyana. Nyowetsani ukonde, kokani diso mpaka litsekeke, muyeze kuchokera pa mfundo kufika pa mfundo yoyang'anana nayo, maso khumi malo osiyanasiyana, mutenge avereji. Maso a mamilimita 95 amene analamula kumwera kwa nyanja ya Malawi anaikira chambo. Pa makumba a pa damu mukakopera nambala imeneyo palibe adzaphe kanthu, ndipo lamulo lidzafa sabata yomweyo.

MlangiziWakale
Zimene mudzagwirizane zilembedwe, mafumu onse atatu asainire, ndipo zipite ku ofesi ya nsomba ya boma ndi ku khonsolo. Lamulo la nsomba la 1997 linalola anthu a m'midzi kutenga nawo mbali, ndipo khonsolo ili ndi mphamvu yovomereza malamulo ang'onoang'ono a m'dera. Popanda zimenezo mukalanda ukonde wa munthu iye akhoza kukakusumirani ndipo mudzaluza. Ku Nkhata Bay a bungwe la Ripple Africa anadzera njira imeneyi ndi makomiti awo. Chindapusa chiyambe chochepa, chizikwera akabwereza: koyamba chenjezo pamaso pa anthu, kachiwiri nkhuku, kachitatu kulanda chida. Elinor Ostrom, amene analandira mphoto ya Nobel mu 2009, anapeza kuti magulu okhalitsa osamalira zachilengedwe limodzi amalanga motero. Chindapusa chikayambira pa mbuzi, wolondera amachita manyazi kugwira mphwake, amangoyang'ana kumbali. Zolowa zonse zizilengezedwa pa msonkhano, chifukwa makomiti ambiri amafera pa thumba.

Gologolo
Nanga mfumu yachitatu ija?

Nabanda_Chinkhoma
Dziwe losungira mbewu likhale m'dera lake, ndipo mwambo wotsekera achititse ndi iyeyo. Muone ngati adzakane.

Wakwasanthe
Mayi Nabanda mwandiseketsa, koma dziwe lakuya kwambiri lilidi mbali yakeyo. A Kope, sikelo imene ilipo ndi ya makilogalamu 100 yoyezera fodya. Ingagwire?

KopeNdiSikelo
Ayi akulu, imeneyo singano yake siisuntha pa theka la kilo, miono yambiri mudzailemba ziro. Pezani yaing'ono. Ikasowa, yezani kamodzi kokha pa sikelo ya mugolosale kuti mbale imodzi yodzaza matemba auwisi ikulemera bwanji, ina ya makumba chimodzimodzi, mulembe pachikuto cha kope, muziwerenga mbale. Mbaleyo ikhale imodzimodziyo chaka chonse, yosadzaza mpaka phiri, muzisalaza ndi kathabwa. Ndipo ndowa muiboole pansi madzi azikha musanayeze.